NDEGE IKALEKA KUTERA, SITIMA IKALEKA KUIMA

Mawu amene Mlangizi wa Zaulimi analankhula pa wailesi, pa nthawi ya alimi, kwa anthu a ku chigwa cha kunyanja m'boma la Dedza.

Ndilankhula ndi inu alimi anzanga a kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kudzafika ku Mua ndi ku Mtakataka, pamodzi ndi inu mafumu ndi anyakwawa a m'dziko la Inkosi Kachindamoto. Masiku ena pa nthawi ino timakamba za mbewu, za mizere ndi za mankhwala a thonje. Lero ndifuna kukamba za ndege. Ndidziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuseka, nimuti, "Kodi mlangiziyu wasowa chonena? Ife tili ndi ndege yanji?" Dikirani pang'ono, musatseke wailesi. Nkhaniyi iyambira pa ndege, koma ikafika pa thumba lanu la mpunga ndi pa mtengo umene wogula akupatsani.

Mukaima pa gombe kumunsi kwa Mtakataka tsiku lopanda nkhungu, muona mapiri tsidya lija la nyanja. Kunsonga kwa mapiri amenewo kuli mudzi wa Chembe, malo amene Azungu anawatcha Cape Maclear. M'mwezi wa Novembala chaka cha 1949, nthawi imene njala ija akuluakulu amaitcha ya fote naini inali itafika poipa, pa malo amenewo panayamba kutera ndege yaikulu yochokera ku Mangalande. Sinali kutera pa mtunda ayi. Inali kutera pa madzi penipeni, pakuti mimba yake inapangidwa ngati bwato. Eni ake anali kampani ya BOAC, ndipo mtundu wa ndegeyo unali kutchedwa Solent. Inali ndi mainjini anayi ndi zipinda zosanja, pansi ndi pamwamba, ndipo inali kunyamula anthu oposa 30. Inali kunyamuka ku Southampton, nitsata mtsinje wa Nile, nidzera ku Khartoum ndi ku nyanja ya Victoria, nikatsiriza ulendo pa damu la Vaal pafupi ndi Johannesburg. Inali kuuluka usana wokha. Usiku apaulendo anali kugona m'mahotela, kotero kuti ulendo wonse unali kutha masiku anayi ndi kupitirira.

Pa Cape Maclear panali hotela yolandira alendo amenewa. Tsono hotela siyenda yokha. Ifuna ophika, ochapa, osesa, alonda, ndi anyamata a maboti okatenga alendo pamene ndege yaima. Ifuna nsomba, nkhuku, mazira, nkhuni ndi ndiwo zamasamba tsiku ndi tsiku. Motero munthu wa pa mudzi amene sanalotepo zokwera ndege anali kupeza kobiri chifukwa cha ndegeyo. Ndipo amene anali kuona zimenezi ayenera kuti anati mumtima, "Kwathu kuno kwatseguka, posachedwa pakhala mzinda."

Koma mlendo ndi mame. M'Novembala 1950, patangotha chaka chimodzi, kampani ija inaleka kuyendetsa ndege za pamadzi pa maulendo ake onse. Zifukwa zake zinali za ndalama. Ndege ya pamadzi inali yolemera, yoyenda pang'onopang'ono, ndi yakumwa mafuta ambiri. Paliponse pamene inali kutera panafunika maboti, antchito oyang'ana kuti pa madzi palibe chipika kapena bwato la msodzi, ndi nyumba zogonamo alendo. Komanso pa nkhondo yaikulu yachiwiri ija maiko ambiri anakonza mabwalo aatali a ndege pa mtunda, ndipo nkhondo itatha mabwalowo anali chikhalire. Kampani inawerengera, niona kuti ndege za matayala zichita ntchito yomweyo mofulumira ndi motchipa. Pofika mu 1952 ndege yatsopano yotchedwa Comet inali kuchoka ku London ndi kufika ku Johannesburg m'maola osakwana 24, kudzera ku Entebbe ndi ku Livingstone. Dziko lathu inali kulilambalala. Kuno kwathunso kunali chovuta chake: mlendo wotsika pa Cape Maclear anali akali kutali ndi Zomba ndi Blantyre kumene kunali ntchito yake, ndipo msewu unali wadothi, wovuta m'dzinja. Ndege italeka kubwera, hotela sinakhalitse. Inatsekedwa, antchito nabwerera ku makasu ndi ku maukonde awo.

Apa ndipo ndifuna kuti mumvetse bwino. Anthu a kwa Chembe palibe mlandu umene anapalamula. Nkhani inagamulidwa ku London ndi anthu a mabuku a ndalama, ndipo palibe nyakwawa imene inaitanidwa kukanenapo mawu. Ndege, sitima kapena lole siima pa malo chifukwa chokonda anthu a pamenepo. Imaima chifukwa pali anthu kapena katundu wokwanira kulipira ulendo, ndiponso chifukwa njira yofikira pamenepo ili bwino. Chimodzi cha ziwirizi chikasowa imapita, ndipo kawirikawiri sitsazika.

Zimenezi zinachitikanso kachiwiri, pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Central African Airways inali kuyendetsa tindege ting'onoting'ono totchedwa Beaver, ta injini imodzi, tonyamula anthu 5 kapena 6 pamodzi ndi matumba a makalata. Tindegeti tinali kutera pa mabwalo a kapinga m'matauni aang'ono monga Salima, Monkey Bay, Mzimba ndi Karonga, pakuti masiku amenewo msewu unali kuduka mvula ikagwa, ndipo dokotala kapena bwana wa Boma analibe njira ina yofulumira. Air Malawi itayamba mu 1964 inalandira ntchito yomweyo. Koma misewu ya phula itamangidwa, anthu anayamba kuwerengera. Kuchokera ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita ngati 100. Galimoto siitha maola awiri. Ndani angalipire ndege pa ulendo wotere? Ndipo taganizani mbali ya mwini ndege. Ndege ya mipando 6 ikanyamuka ndi anthu awiri okha, mafuta imwa omwewo, woyendetsa alandira malipiro omwewo, makaniko ndi wozimitsa moto pa bwalo alandira omwewo. Mipando inayi yopanda anthu ija ndiyo idya phindu, monga momwe ng'ombe yosakoka ngolo idyera msipu pamodzi ndi zokoka. Motero matauni aang'ono anachotsedwa pa ndandanda limodzi limodzi. Air Malawi yeniyeniyo inatha mu 2013 chifukwa cha ngongole, ndipo kampani yatsopano imene Boma linayambitsa pamodzi ndi Ethiopian Airlines, pamene inayamba kuuluka mu 2014, ulendo wake wa m'dziko muno unali wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre basi.

Musaganize kuti awa ndi matenda a dziko losauka lokha. Ku America, kumene ndege zichuluka ngati mabasi, Boma linaona mu 1978 kuti makampani akapatsidwa ufulu wosankha okha kopita, adzathawa matauni aang'ono. Chifukwa chake linakhazikitsa lamulo lakuti lizilipira makampani kuti asaleke kutera m'matauni ena otere. Ngakhale zili choncho, mu 2022 kampani ya SkyWest inalengeza kuti ifuna kuleka kutera m'matauni 29 chifukwa chosowa oyendetsa ndege, ndipo chaka chomwecho American Airlines inachoka m'matauni monga Dubuque ndi Toledo. Oyendetsa akachepa, kampani iwatumiza kumene kuli anthu ambiri. Anthu a m'matauni amenewo anadandaula monga momwe tikadadandaulira ife.

Pena ndimamva achinyamata akunena kuti ndege ndi chinthu cha anthu olemera chimene sichinakhudzepo mudzi. Afunseni agogo anu. Amuna ambiri a m'midzi yathu ino anakwera ndege asanakwerepo galimoto yaing'ono, popita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela. Ndege za Wenela zinali kudzaza nthawi zonse, ndipo chifukwa chake zinali kubwera mosaphonya. Zinaleka mu 1974, ndege ina itagwa ku Francistown pa 4 Epulo ndi kupha amuna a ku Malawi oposa 70, Boma niliimitsa kalembera. Koma imeneyo ndi nkhani ina, ya tsiku lina.

Tsono sindinabwere kudzakuuzani kuti tilire ndege. Bwalo limene lili pa Mtakataka ndi la ntchito za Boma, si la apaulendo ogula matikiti, ndipo alendo odzaona zosemasema ku Kungoni pa Mua amabwera bwinobwino pa msewu. Munthu akadzaima pa msonkhano ndi kukulonjezani bwalo la ndege, muzimufunsa mwaulemu kuti adzakwera ndani, ndipo kangati pa sabata. Mpunga sukwera ndege, thonje silikwera ndege. Chimene ife a kuchigwa kuno tinataya, ndipo chitipweteka kufikira lero, ndi sitima ya pamtunda. Inatichokera pa zifukwa zomwe zija zinachotsa ndege pa Cape Maclear.

Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935, chaka chimene mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, inapitirira kudzera ku Balaka, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka mpaka ku Salima. Mu 1970 inalumikizidwa ndi doko la Nacala kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi, ndipo mu 1979 inafika ku Lilongwe. Akuluakulu mukumbukira chimene siteshoni inali. Sitima ikalira patali, amayi anali kuthamanga ndi malichero a nthochi, chinangwa chophika, mango ndi nsomba zowamba, nagulitsa pa mawindo. Mwana wa sukulu anali kukwera ndi bokosi lake. Wodwala wopita ku chipatala cha Mua anali kutsika pa Mtakataka. Mabelo a thonje ndi matumba a chimanga anali kupita kum'mwera, feteleza, mchere ndi malata zinali kubwera. Munthu wa dengu limodzi anali kutha kukagulitsa yekha ku Balaka kapena ku Limbe, pakuti mtengo wa sitima unali wotsika ndipo dengu silinali kukanidwa. Golomoti ndi Mtakataka anakula chifukwa cha masiteshoni amenewa.

Nanga chinachitika nchiyani? M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, ndipo katundu wa dziko lonse anasamukira pa malole. Msewu wa phula wochokera ku Balaka kupita ku Salima, umene uyenda pambali pa njanji, unatenga apaulendo, pakuti minibasi ibwera nthawi iliyonse pamene sitima ibwera pa tsiku lake. Mu 1999 Boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Kenaka mu 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa pa Rivirivi pafupi ndi Balaka, ndipo njanji yonse ya kumpoto kwa mlathowo, kuphatikiza yathu ino, inakhala yoduka zaka ziwiri. Zaka ziwiri nzambiri pa malonda. Wamalonda akazolowera njira ina sabwerera msanga. Ana ambiri obadwa m'zaka zimenezo anakula akuona njanji kuseri kwa nyumba yawo, osakwerapo sitima pa Golomoti ngakhale kamodzi.

Onaninso kumene ndalama zinapita. Pamene malasha a ku Moatize anafuna njira ya kunyanja yamchere, kampani ya Vale inamanga njanji yatsopano yodutsa m'dziko lathu kudzera pa Nkaya kupita ku Nacala, niikonza kuti inyamule sitima zazitali usana ndi usiku. Kumeneko kunali katundu wotsimikizika, chifukwa chake ndalama sizinasowe. Ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto kuchokera ku Nacala inafikanso ku Kanengo ku Lilongwe patapita zaka zambiri. Inadutsa pakhomo pathu pomwe pano. Ichi chitionetsa kuti njanji yathu siinafe. Koma sitima yodutsa ndi sitima yoima ndi zinthu ziwiri, ndipo kuti iime pafunika kuti pa siteshoni pakhale chonyamula.

Mwina wina afunsa kuti, "Ine sindiyenda ulendo, nanga zindikhudza bwanji?" Zikukhudzani pa sikelo. Wogula aliyense amene afika pakhomo panu wayamba wawerengera mafuta a galimoto yake, matayala amene msewu wanu umuthera, ndi masiku amene ataya pozungulira midzi kufuna thumba apa, mathumba awiri apo. Zonsezi azichotsa pa mtengo wa mbewu yanu asanakuuzeni mtengowo. Njira ikavuta, ogula akuluakulu safika. Afika venda mmodzi wa sikelo yopachika pa mtengo, ndipo popeza palibe wopikisana naye, mawu ake ndiwo lamulo. Feteleza nayenso akwera mtengo pa chifukwa chomwecho. Motero mlimi wa kutali ndi njira alipira kawiri, pogula ndi pogulitsa, ngakhale sanatuluke m'mudzi chaka chonse. Kale msika wa ADMARC unali kubisa vuto limeneli, pakuti unali kugula pa mtengo umodzi paliponse. Kuyambira mu 1987, pamene amalonda ena analoledwa kugula mbewu ndipo misika yambiri ya kumidzi inayamba kutsekedwa, mtengo wa ulendo wagwera pa mlimi.

Tsono zina sitingathe kuzisintha. Mtengo wa mafuta sitiika ife, ndipo za nkhondo za maiko ena sizifunsa nyakwawa. Koma zija ziwiri ndinanena poyamba, katundu wokwanira ndi njira yabwino, mbali yake yaikulu ili m'manja mwathu.

Tiyambe ndi katundu. Chigwa chathu sichisowa zokolola. Sikimu ya Bwanje yokha, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imwa madzi a Namikokwe, ili ndi mahekitala 800. Onjezani mpunga wa m'madambo, thonje, chimanga, nandolo, khobwe, mbuzi ndi nsomba. Chovuta nchakuti katunduyu atuluka mobalalika, aliyense ndi kathumba kake pa njinga, pa tsiku lake, pamene vuto lamugwira. Tiwerengere pamodzi. Lole yaikulu ya matani 30 inyamula mathumba 600 a makilogalamu 50. Mlimi mmodzi sangaidzaze. Koma ngati alimi 60 abweretsa mathumba 10 aliyense pa malo amodzi, pa tsiku limodzi lodziwika, lole yadzaza m'mawa umodzi, ndipo mwini wake sataya sabata akuzungulira. Pamenepo ndinu amene muitana ogula awiri kapena atatu ndi kuwafunsa kuti apereka zingati. Lole yaing'ono ya matani 7 ifuna mathumba 140 okha, ndiye kuti kalabu imodzi yolimba ikhoza kuidzaza. Ndipo midzi ingapo ikachita chimenechi chaka ndi chaka pafupi ndi siteshoni, mpamene tingakhale ndi pakamwa popempha kuti bogi iziimikidwa pa Golomoti kapena pa Mtakataka.

Ndidziwa chimene chiononga makalabu ambiri. Sukulu itsegulira, mwana adwala, ndipo munthu agulitsa mathumba ake usiku kwa venda tsiku la kalabu lisanafike. Sindimuweruza munthu wotere, pakuti vuto silidikira. Koma kalabu yanzeru ikonzekera zimenezi: isunga kathumba ka ndalama kobwereketsa membala wopanikizika, kuti mpunga wake ukhale m'nkhokwe ya gulu mpaka tsiku logulitsa. Mabanki a m'mudzi amene amayi ambiri alimo akhoza kuthandiza pamenepa. Ndipo msungichuma aziwerenga ndalama pamaso pa onse mwezi ndi mwezi, pakuti kalabu imene mabuku ake adziwa munthu mmodzi siitha zaka ziwiri.

Katunduyo akhalenso woona. Mpunga uume bwino, upetedwe, ndipo Kilombero asasakanizidwe ndi Faya kapena mtundu wina, chifukwa wogula wa m'tauni alipira fungo ndi kutalika kwa njere, ndipo akapeza zosakaniza agula zonse pa mtengo wa wotsikawo. Thonje loyera likhale palokha, lothimbirira palokha, ndipo musalitolere m'matumba a feteleza, pakuti ulusi wa pulasitiki ukalowa m'belo uononga nsalu ku fakitale. Za kuthira madzi m'thonje kapena mchenga pansi pa thumba, ndinena mosabisa: ameneyo ndi wakuba, ndipo abera mudzi wonse. Wogula akapusitsidwa kamodzi sakangana nanu. Angochita monga inachitira ndege ija, chaka chamawa lole yake iima kwina. Inu mafumu, mlandu wotere muziuweruza pa bwalo monga muweruzira wakuba mbuzi.

Tsopano za njira, ndipo apa ndilankhula makamaka ndi inu eni dziko. Njanji ndi msewu wa phula zonse ziwiri ziyenda m'tsinde mwa mapiri, ndipo mtsinje uliwonse wotsika ku Dedza, Livulezi, Namikokwe, Nadzipokwe, Nadzipulu ndi timifuleni tonse, uyenera kudutsa pansi pake. Mitengo ya m'mapiri ndi ya m'nkhalango ya Mua-Livulezi ikatha ndi makala, mvula siilowa pansi. Itsika tsiku lomwelo ndi miyala, mchenga ndi zitsa, nitseka makalavati, madzi nadumpha pamwamba ndi kudula njira. Amene mumayenda pa Khwekhwelere mwaona nokha mmene mapiri ayerera. Thumba la makala lipatsa munthu mmodzi ndalama za sabata. Mlatho ukapita, chigwa chonse chikhala chotsekeka miyezi, mwina zaka, monga tinaonera pa Rivirivi. Chifukwa chake musalole munthu kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani bango, nsungwi ndi mitengo zigwire gombe. M'minda ya pa mtsetse ikani akalozera, mizere itsate akalozerawo, ndipo bzalani vetiva. Izi timazinena chaka ndi chaka pofuna kusunga nthaka, koma zisunganso mlatho.

Pali china chochititsa manyazi chimene ndiyenera kuchitchula. Mabawuti ndi zitsulo zogwira njanji zimazulidwa ndi kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo miyala ya pansi pa njanji imatengedwa kukamangira maziko a nyumba. Amene achita izi si alendo ochokera kutali. Agona m'midzi yathu, ndipo ngolo imene inyamula miyalayo idziwika mwini wake. Kampani ikaona kuti chigawo china cha njanji chifuna kukonzedwa mwezi ndi mwezi chifukwa cha kuba, ilemba m'mabuku ake kuti chigawocho nchodula, ndipo mabuku amenewo ndiwo adzayankha pempho lathu. Kuwonjezera apo, chitsulo chimodzi chosowa chikhoza kugwetsa sitima ya mafuta pakati pa mudzi.

Chimodzimodzinso malo. Nyakwawa isagawe malo a nyumba kapena a munda m'mbali mwa njanji, pa bwalo la siteshoni, kapena pa bwalo la ndege, ngakhale malowo aoneke ogona zaka zambiri. Ndidziwa kuti anthu achuluka ndipo malo achepa, ndipo nkovuta kukaniza mphwako pamene tchire lili poteropo. Koma malo amenewa ali ndi mwini, ndiye Boma, ndipo tsiku lokonza likadzafika nyumbazo zidzagwetsedwa, wolira adzakhala mphwanu yemweyo. Kapena choipa koposa, okonza adzaona kuti milandu ya malo yachuluka, nakamanga poimira sitima pena.

Misewu ing'onoing'ono yochokera m'midzi kukafika ku phula ndi yathu ndithu, palibe wina adzatikonzera msanga. Ntchito yake siifuna makina. Ifuna makasu m'mwezi wa Okutobala mvula isanagwe: kutsegula ngalande za m'mbali, kupatutsa madzi kuti asayende pakati pa msewu, kufotsera maenje ndi miyala ndi dothi louma, ndi kuletsa anthu kulima mizere yothira madzi mu msewu. Mudzi uliwonse utenge chigawo chake kufikira malire ndi mudzi unzake. Lole imene yatitimira kamodzi pa dambo lanu ndi katundu, dalaivala wake auza anzake onse.

Chotsiriza ndi cholembera. Pamene tipita kwa Bwanamkubwa wa boma kapena ku khonsolo kukapempha kuti sitima iziima kapena kuti msewu ukonzedwe, timanena kuti, "Anthu akuvutika." Ndi zoona, koma mawu amenewa anenedwa ndi mudzi uliwonse m'Malawi, ndipo a kampani sawalemba m'buku. Chimene alemba ndi chiwerengero. Chifukwa chake ndipempha nyakwawa iliyonse kuti chaka chino isankhe mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulemba, akhale ndi kope, alembe mathumba a mpunga, a chimanga ndi a nandolo, ndi makilogalamu a thonje amene atuluka m'mudzimo, mwezi umene atuluka, kumene apita, ndi ndalama zimene zalipidwa pa ulendo. Makope amenewa apite kwa gulupu, gulupu awatengere ku komiti ya chitukuko ya dera, ndipo alangizi a ku Golomoti ndi ku Mtakataka adzathandiza kuwaphatikiza. Sindikulonjezani kuti sitima idzaima chaka chamawa. Ameneyo ndi mlandu wa kampani ndi Boma. Koma nthumwi yonyamula chiwerengero cha zaka ziwiri kapena zitatu imvedwa mosiyana ndi nthumwi yonyamula madandaulo okha, ndipo ngakhale sitima ichedwe, kope lomwelo ndilo mudzaonetsa wogula wamkulu pomuitana.

Amene mufuna kuyambitsa kalabu yogulitsira pamodzi, kapena kuona kalembedwe ka kope limeneli, kaonaneni ndi mlangizi wa dera lanu mwezi uno, zokolola zisanathe kutuluka m'midzi. Sabata yamawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za kuzula ndi kutentha mapesi a thonje.